Chiliza Chanu ndi Mayeso Anga a Chingerezi

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Miyendo ija inaleka kutupa? Ine ndimadziuza kuti inaleka, chifukwa ngati nakonso kuli matenda, ndiye kuti kugwada kwanu konse kuja m'tchalitchi kunapita pachabe.

Ndine Filomena. Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati mlendo samulonjera ndi maliro. Mkazi wa Jonasi, chitsirizira wanu uja, anachira mvula itangosiya. Ndi mwana wamkazi, wonenepa, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi monga munkachitira inu mukamva kuti mbuzi zalowa m'dimba. Chimanga cha kumunda wa kudambo chinachita bwino, nkhokwe inadzaza mpaka china anachiunjika pakhonde. Fodya ndiye ayi. Ogula anamutsitsa, amvekere masamba ada, ndipo Jonasi anabwerako kumsika osafuna kulankhula ndi munthu. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, analifolera koma likudonthabe pakona. Mbuzi yanu yakuda ija inaswa awiri, mmodzi fisi anatenga. Ine ndikadali ku Mandimba, pakhonde lomwe lija la pafupi ndi msika, kusoka makapulana a anthu, zitenje zathu zija.

Zabwino zathera pamenepo. Amayi, ndakwiya. Munkandiuza kuti mkazi akakwiya atenge mtondo asinje, mkwiyo utuluke ndi gaga. Ndasinja changa, ndasinja ndi cha anansi, koma sunatuluke. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikuuzeni ndekha mmene zinayendera, chifukwa sindikudziwa kuti mphepo yakufikitsirani zotani kumeneko.

Mukukumbukira kuti ndili ku sekondale ku Cuamba, m'kalasi lomaliza, ndinakhoza maphunziro onse kupatula Chingerezi. Ndinkati ndibwereze chaka chinacho, koma abambo anatisiya, inu n'kunditumizira uthenga kuti ndibwere ku Ngauma ndikuthandizeni kulima fodya, achimwene a Alberto amalize sukulu yawo. Ndinabwera. Sindinafunse kuti bwanji ineyo. Achimwene anamaliza, analowa ntchito ya njanji, lero ali ku Entre Lagos ndi nyumba ya malata. Ine ndinakwatiwa, banja linatha, ndinaphunzira kusoka. Kenaka munadwala, ndinafunditsa makina anga nsalu n'kubwereranso kumudzi. Ndinkakusambitsani, kukutembenuzani, kukuchapirani zimene mwana sanena pagulu. Achimwene ankaimba foni Lamlungu, n'kumati ntchito ya njanji siisiyika.

Tsiku lina ndikukupakani mafuta kumsana munati, "Filomena, sukulu yako ndinaidya ndine. Ndikapita, ukamalize chilankhulo chako cha m'mphunocho." Munanena muli chotembenukira kukhoma, ndipo sindinakuyankheni. Koma ndinamva.

Nditabwerera ku Mandimba maliro atatha, ndinafufuza. Anandiuza kuti munthu wamkulu amaloledwa kulemba phunziro limene linamukanika, koma mwayi umabwera kamodzi pachaka, ndipo ine ndiyenera kukalembera ku Cuamba kumene kuli mapepala anga. Ndikakhoza, ndilandira satifiketi, ndipo ndikhoza kupempha malo kusukulu ya anamwino. Inu mukudziwa kuti ntchito imeneyo manja anga anaiphunzira kale pa thupi lanu. Chovuta n'chakuti zaka zanga zafika pamalire. Chaka chatha ndinayesa, ndinalephera pang'ono pokha. Chaka chino chinali chotsiriza, chifukwa chamawa akanandiuza kuti ndakula.

Simungadziwe mmene ndachivutikira chilankhulo chimenechi. Chipwitikizi chimalemba zimene chikunena. Chingerezi chimalemba china n'kunena china, ngati wogula fodya. Pali zilembo zimene zimangokhala m'mawu osagwira ntchito, ukazitchula akuseka, ukazisiya polemba akuchotsera malikisi. Pali mawu akuti push, amene khutu langa la Chipwitikizi limamva ngati akuti koka, pamene iwo akutanthauza kankha. Ndiye pali aneni osamva malamulo. Lero ndi go, dzulo ndi went, zikatha ndi gone, ndipo palibe amene angakuuze chifukwa chake. Umangoloweza ngati katekisimu. Ndinkalemba mawu atsopano ndi choko chosokera pakhoma la khonde, n'kumawatchula ndikupalasa makina. Makasitomala ankaseka, ena ankati telala wayamba kulankhula yekha, amutengere kuchipatala.

Amene anandithandiza ndi a Nachisale, mayi wa ku Chiponde, ku Malawi, amene amawoloka malire kudzagulitsa nsalu pafupi ndi khonde langa. Iwo anaphunzira m'Chingerezi kwawoko. Ankandibweretsera nyuzipepala zakale zimene amakulungira katundu, n'kundisankhira nkhani imodzi. Ndikawerenga, ankandilanda pepalalo n'kuyamba kundifunsa: wachita ndani, wachitira kuti, chifukwa chiyani. Pamayeso amatero, Amayi. Amakupatsa nkhani, pansi pake mafunso, ndipo funso lililonse lili ndi mayankho angapo ofanana ngati anapiye a nkhuku imodzi, loona limodzi lokha. Ine ndinkathamangira yankho limene lili ndi mawu amene ndawaona m'nkhanimo, ndipo a Nachisale ankandimenya ndi mpukutu wa nyuzi padzanja. "Mwana wa mayi, usamagwire mawu, uzigwira nkhani," ankatero. Masiku a msika waukulu, pamene anzanga ankasoka mpaka dzuwa kupendeka, ine ndinkabweza makasitomala kuti ndipeze nthawi. Ndinaonda. Koma pofika nthawi yokolola ndinkatha kuwerenga tsamba lonse osaima, ndipo ndinkamva zimene wailesi ya kutsidya ikunena.

Tsiku la mayeso litalengezedwa, munthu woyamba kumuuza anali achimwene a Alberto. Ndinawauza dala chifukwa tinali titagwirizana kale kuti chilimwe chino, anthu akagulitsa fodya, tikumangirani chiliza. Ndinati, "Achimwene, Chingerezi ndikulemba Lachisanu lakuti. Tsiku lina lililonse ndili pomwepo, koma limenelo lokha mulilambalale." Anati amva.

Nsalu ya mwambo ndinasankha ndine, yobiriwira ya maluwa oyera, mtundu umene munkaukonda. Zovala za azimayi onse a pabanja ndinasoka ndine, ndi malaya a amuna omwe. Ndikumalizitsa mipendero, foni inalira. Achimwene. Amvekere, "Tsiku lapezeka. Ndi Lachisanu lija." Ndinaganiza kuti aiwala, ndinawakumbutsa. Anati sanaiwale, koma galimoto imene mnzawo wa kuntchito anawalonjeza kuti inyamule mwala ndi alendo awo ikupezeka tsiku limenelo lokha, ndipo a padiri, ansembe athu, avomera kale.

Ndinawapempha, Amayi. Ine amene sindinawapemphepo kanthu chibadwire. Ndinati, "Sunthani ndi tsiku limodzi lokha. Loweruka ndifika, ngakhale wapansi." Anaseka. Anati, "Chingerezi chimenecho chakhala chikukukana kuyambira uli mtsikana. Chikakulola lero chifukwa chiyani? Usankhe wekha, amayi kapena pepala." Atatero anadula.

Mawa lake anaimba mayi aang'ono a Rosa, mng'ono wanu. Sanandipatse ndi moni womwe. "Ndamva kuti sukubwera. Mwana wanji amene amasiya mayi ake chifukwa cha mayeso? Ukufuna anthu a m'mudzi atiseke?" Ndinayesa kufotokoza za zaka zanga, za mawu amene munandisiyira. Anati akufa amanena zambiri akamadwala. Jonasi ndiye anangoti, "Achemwali, ine ndilibe mawu, akulu anena." Mwana amene ndinamubereka kumsana ameneyo.

Sindikubisirani, ndinalingalira zosiya. Ndinapinda zovala zija n'kukhala pamulu wake nthawi yaitali. Kenaka ndinadzifunsa kuti kodi amene akufuna ndikhalepo Lachisanu ndi inu kapena ndi achimwene, kuti alendo awo apeze wowaphikira. Yankho ndinalidziwa. Zovala ndinazipereka kwa dalaivala wa shapa, minibasi yopita ku Ngauma, ine n'kukwera ina yolowera ku Cuamba. Ndinafikira kwa mnzanga wa kusukulu amene anakwatiwa ndi wa njanji, ndipo sanandifunse zambiri.

M'chipinda cha mayeso ndinali ngati mayi woperekeza ana. Woyang'anira anandiitana kuti mama pondionetsa pokhala. Atatilola kutembenuza pepala, dzuwa linali litakwera kufika pamene ndinkadziwa kuti kumudzi anthu andanda kulowera kumanda. Nyimbo ija munkaikonda, ya ulendo wa kwathu, inayamba kulira m'mutu mwanga, ndipo zilembo zinkasambira. Nkhani yowerenga inali ya mayi woweta njuchi. Ndinawerenga ndime yoyamba osamva kanthu. Ndinaika cholembera pansi, ndinapukuta manja pakapulana, n'kunena chamumtima kuti, Amayi, ngati mwakwiya mundiuze mawa, lero ndisiyeni ndiwerenge. Ndinayambiranso. Ulendo uno mayi uja ndinamuona, ming'oma yake, moto umene unatentha tchire, ndi chifukwa chimene anasamutsira njuchi kumtsinje. Mafunso ndinawayankha limodzilimodzi, osathamanga. Aneni osamva malamulo aja anabwera, ndinawazindikira ngati anthu a m'mudzi mwathu.

Loweruka ndinanyamuka m'mamawa, kudutsa pa Mandimba osatsikira kunyumba, mpaka kumudzi. Ndinapeza alendo atabalalika, achimwene atabwerera ndi galimoto yawo ija. Pabwalo panali mafuwa ndi phulusa basi. Azimayi anali atavalabe zovala zimene ndinasoka, koma moni wanga anauyankha ndi pakhosi. Mayi aang'ono anangoyang'ana kumbali.

Kumanda munthu salowa yekha, ndiye Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapempha kuti andiperekeze. Anapita mayi aang'ono, mkazi wa Jonasi ndi khanda kumsana, Jonasi mwini, ndi azimayi ena a mpingo. Chiliza n'chokongola, Amayi, zimenezo sindingakane. Matailosi oyera, mtanda pamwamba, mwala wakuda wonyezimira. Achimwene anakaugula kutsidya kwa malire, ndipo mawu ake ndi a Chingerezi. Inu amene moyo wanu wonse munapemphera m'Chinyanja, mwagona pansi pa chilankhulo chimene munkachiseka.

Mayi aang'ono analoza mwalawo ndi chibwano n'kunena kuti, "Poti ndiwe mwini Chingerezi, unasiya mayi ako chifukwa cha chimenechi, tiwerengere. Alberto anatimasulira kuti akuti ana anu sadzakuiwalani. Timve ngati nawe ukudziwa."

Ndinagwada n'kuwerenga. Dzina lanu lili bwino. Mzere wachiwiri ukuti muuse mumtendere. Mzere wotsiriza ndinauwerenga kawiri, ndikuyembekeza kuti maso andinamiza. Amayi, Chingerezi sichili ngati chilankhulo chathu chimene chimangoti ana, n'kukwanira onse. Chili ndi mawu a ana onse pamodzi, chili ndi mawu a ana aakazi, chilinso ndi mawu a ana aamuna okhaokha. Pamwala wanu analembapo sons. Ana anu aamuna sadzakuiwalani. Munabereka atatu, ndipo wamkazi ndine ndekha.

Ndikanatha kunama. Ndikanangoti achimwene anamasulira bwino, tonse n'kubwerera kunyumba mwamtendere, ine n'kukhalabe mwana woipa amene anathawa mwambo. Mukanakhalapo inu mukananditsina kuti nditero. Koma ndinaimirira, ndinasansa fumbi m'maondo, n'kuwauza mawu ndi mawu zimene zalembedwa.

Jonasi anati, "Achemwali, mwina mwalakwitsa." Ndinamuuza kuti ajambule ndi foni yake akafunse mphunzitsi aliyense amene akumufuna. Anagwetsa nkhope. Mayi aang'ono anayandikira mwalawo, n'kuyendetsa chala pa zilembo zimene sadziwa kuwerenga, ngati akufuna kuzimva ndi khungu. Kenaka anati, motsitsa mawu, "Ndiye ife amene tinkamusambitsa, palibepo?" Pobwerera anayenda pambali panga, ndipo titafika kunyumba ananditengera madzi osamba okha. Kupepesa sanapepese, mukuwadziwa mng'ono wanu, koma nkhuku inafa tsiku limenelo.

Achimwene ndinawaimbira ndili pomwepo pabwalo, anthu akumva. Poyamba anati wosema miyala ndiye analakwitsa. Ndinawakumbutsa kuti iwo amalankhula Chingerezi tsiku ndi tsiku ndi anzawo a njanji a ku Malawi, ndipo mwalawo anaunyamula okha, anauwerenga okha pamaso pa anthu. Atasowa pothawira anati, "Mwalawo tinagula ndife amuna. Umafuna tilembepo makina ako osokera? Ndiponso sunabwere n'komwe." Ndinati, "Achimwene, mwala unasemedwa tsiku lisanasankhidwe. Munandichotsa ndisanalakwe." Anadula foni, ndipo mpaka lero sitinalankhulane.

Chimene chikundiwawa si mwala wokha. N'chakuti anadalira kuti palibe adzadziwe. Anayang'ana mudzi wonse, azimayi onse amene anakusenzerani madzi mukudwala, n'kuona kuti palibe angawerenge. Anayang'ananso ine n'kuona chitsiru chimene Chingerezi chinachikana. Akanalemba m'Chinyanja kuti ana aamuna, mayi aang'ono akanaugubuduza mwalawo tsiku lomwelo, a padiri ali pomwepo. Anabisala m'chilankhulo.

Ndipo inunso, Amayi, ndili nanu mawu. Munthu ameneyu munamuumba ndinu. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba inali ya Alberto, ine mapazi. Iye akamawerenga tinkayenda monyang'ama, ine ndikatsegula buku munkati madzi atha mumtsuko. Akandilanda kanthu ndikalira, munkati, "Mlekere, ndi mlongo wako, adzakuyang'anira mawa." Mawa lake ndi limeneli. Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona sichiola, koma fupa limatha kuima pakhosi. Sindikunena izi kuti ndikuchotsereni tulo. Ndikudziwa kuti munalera ana atatu ndi khasu limodzi, ndipo munachita zimene amayi anu anakuphunzitsani. Koma munapepesa kamodzi kokha, mutatembenukira kukhoma, ndipo ine ndinalibe mphamvu yoyankha. Lero ndayankha.

Jonasi anabwera ku Mandimba sabata yatha, ati kudzagula mbewu. Anakhala pabenchi la makasitomala nthawi yaitali akuyang'ana mawu a pakhoma aja. Anandiuza kuti anakafunsa mphunzitsi wa kusukulu ya kwathu, ndipo anamuuza zomwezo. Akufuna apeze mmisiri awonjezere mawu pamwalapo. Ndinamukaniza. Ndinati ausiye mmene ulili, mwana wake wamkazi akadzakula adzauwerenge yekha, adzafunse bambo ake kuti zinatheka bwanji. Mwina ndinalankhula mouma, koma sindikufuna kulowetsedwa pamwala wa mayi anga ngati chigamba.

Zotsatira zinatuluka, Amayi. Mnzanga wa ku Cuamba uja anakaona kusukulu n'kundiimbira ndili pakati posoka diresi la ukwati. Ndakhoza. Osati mokwawa ayi, ndakhoza bwino. Ndinaimitsa makina, osadziwa kuti ndiuze ndani. A Nachisale ndi amene anavina pakati pa msika mpaka nsalu zawo kugwera m'fumbi. Mayi aang'ono nditawauza anati, "Mayi ako akanalulutira," kenaka analulutira iwowo pafoni. Achimwene sindinawauze. Adzamva kwa anthu.

Mapepala a kusukulu ya anamwino ndapereka kale. Nakonso kuli mayeso olowera, ndipo sindikudziwa ngati adzanditenga. Ndikapanda kutengedwa ndidzasokabe, sindidzafa. Koma satifiketi ija imene inatsalira ku Cuamba ndili mtsikana, ndikukaitenga ndi manja anga mwezi uno.

Mundiperekere moni kwa abambo. Muwauze kuti mtengo wa mango umene anabzala kuseri kwa nyumba wachita maluwa ambiri chaka chino, ndipo ana a m'mudzi ayamba kale kuuzungulira.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndili chikwiyire, ndipo mwina n'chifukwa chake ndakwiya chonchi. Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzabwera chaka chilichonse ndikadali ndi miyendo. Ndikulonjezanso kuti achimwene ndidzawakhululukira, chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene mukufuna kumva. Koma si chaka chino, ndipo musandibwerere kutulo kudzandifulumizitsa.

Ndine mwana wanu wamkazi,
Filomena